Mlendo Ndi Mame: Mwambi Wakale ndi Duwa la Hydrangea ku Mtendere

Mwambi wakuti "mlendo ndi mame" ndi umodzi mwa miyambi imene makolo ankaphunzitsira ana kuchereza, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti wobwera kudzacheza sachedwa kuchoka, choncho mwini khomo asaumire nkhuku kapena ufa poopa kuti nkhokwe itha. Mwambiwu unabadwa m'nthawi imene mlendo ankabwera wapansi, n'kugona masiku awiri kapena atatu, kenako n'kutsanzika poti khasu linali kumudikira kwawo. Makolowo sanaganizireko za mtundu wina wa mlendo umene masiku ano umafika pakhomo uli m'kathumba kakuda ka pulasitiki, ulibe ndalama ya basi yobwerera, ndiponso ulibe maganizo otsanzika. Mlendo ameneyu ndi chitsamba cha maluwa chotchedwa hydrangea, ndipo komboni ya Mtendere, kummawa kwa mzinda wa Lusaka, ndi bwalo loyenera kuzengerapo mlandu wa pakati pa iye ndi mwambiwo.

Mwambo umalamula kuti mlendo ayambe wapereka malonje. Mtundu umene akatswiri a zomera amautcha Hydrangea paniculata kwawo ndi ku China, Japan, Korea ndi chilumba cha Sakhalin, kumadera kumene chisanu chimayoyola masamba onse n'kugoneka chitsamba kwa miyezi ingapo, ndipo dzinali linaperekedwa mu 1829 ndi Philipp Franz von Siebold, dokotala wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku Nagasaki. Chitsambachi chimatha kutalika mpaka mamita 5, ndipo timaluwa take tambirimbiri timaunjikana pa ngala imodzi yosongoka kumutu ngati ngala ya mapira, imene imayamba yobiriwira, n'kuyera, kenako n'kufiirira ikamakalamba. Mbale wake, Hydrangea macrophylla, wa maluwa obulungira a buluu kapena pinki, ndiye wodziwika kwambiri kummwera kwa Africa, kumene amachita maluwa nyengo ya Khirisimasi ndipo amakondwa m'malo ozizira a kumapiri monga Vumba ku Zimbabwe. Abale awiriwa amasiyana maonekedwe ndi khalidwe, koma pa nkhani ya ludzu ndi a mimba imodzi.

Njira imene mlendoyu amalowera mu komboni inalambulidwa ndi mbiri ya mzinda weniweniwo. Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, atakonzedwa ndi atsamunda kuti akhale mzinda wa mitengo, kapinga ndi maluwa, koma mapulaniwo anasamala kwambiri za kumene maluwa adzamere kusiyana ndi kumene owathirira adzagone. Mtendere ali moyandikana ndi Kabulonga, ndipo mmawa uliwonse anthu ambiri amachoka mu komboni kupita kumayadi, ndiko kunena madera a nyumba zazikulu za mipanda, kukatchetcha kapinga ndi kusadza maluwa a mabwana. Munthu amene wasamala maluwa a eni ake kwa zaka khumi sangaimbidwe mlandu akalakalaka ake, ndipo hydrangea amamuthandiza chifukwa amamera ndi nthambi. Wodziwa ntchitoyo amadula kanthambi kanthete ka masentimita 10 mpaka 15 kamene sikanachite maluwa, amathothola masamba a m'munsi, amadula pakati masamba awiri otsala kuti asamataye madzi ambiri, n'kukazika mu mchenga wonyowa m'botolo lodula pakati, ndipo pakapita milungu ingapo pamthunzi, mizu imatuluka. Ena amagula mbande kwa ogulitsa a m'mbali mwa misewu, ndipo enanso amakopeka ndi zithunzi za pa Facebook, zimene zimaonetsa ngala za maluwa koma sizionetsa bilu ya madzi.

Pa madzi pomwepa ndi pamene mwambiwu umayamba kutsimphina, pakuti mame amabwera ndi chinyezi chawo, pamene mlendo uyu amabwera chimanjamanja n'kuyamba kuitanitsa. Lusaka amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, kotero kuti miyezi yotsalayo chitsamba cha mizu yosazama ndi masamba otambalala chimadalira chifundo cha mwini khomo. Madzi a mumzindawu amachokera ku mtsinje wa Kafue ndi m'zitsime zakuya, ndipo onsewo amakankhidwa ndi magetsi, chinthu chimene anthu anachimvetsa bwino mu 2024, pamene chilala chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, madzi a ku Kariba n'kuchepa kwambiri, magetsi n'kumazima kwa maola ambiri patsiku. Pakhomo pamene mpope unafika, mita imawerenga dontho lililonse, ndipo pamene sunafike, chigubu cha malita 20 chimabwera pamutu kapena pa wilibala, chitadutsa pamzere wautali.

M'nyumba ya mu komboni madzi ali ndi ndondomeko yake yokhwima, imene woyang'anira wake ndi mayi wa pakhomo: oyamba ndi akumwa, achiwiri ndi ophikira, kenako osamba ndi ochapira, ndipo ochapirawo akatha ntchito amakakolopa m'nyumba asanakathere kuchimbudzi kapena kukapha fumbi pabwalo. Hydrangea amafuna kukhala pamwamba pa mndandandawu, popeza madzi a sopo wambiri amamupsereza masamba, ndipo ali ndi njira yakeyake yodandaulira. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, masamba ake onse amalendewera, ngala zimawerama mpaka kugunda dothi, ndipo aliyense wodutsa m'kanjira amaona kuti pakhomopo mlendo akuzunzidwa. Bambo amene anamubweretsa amatenga chigubu mwakachetechete, ndipo mawu amamveka kuchokera kukhitchini akuti, "Bambo a ana, madzi amenewo ndi a nsima ya madzulo, pokhapokha ngati maluwa anuwo ndi amene atiphikire." Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri chitsambacho chimadzuka chokha dzuwa likapendeka, chifukwa kufota kwa masana kumabwera pamene masamba akutaya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ikukokera, ngakhale dothi lili lonyowa. Wolima wanzeru amayamba wapisa chala m'dothi asanayambitse mlandu m'banja.

Mlandu wachiwiri umachokera kwa oyandikana nawo. Mu komboni kadanga kalikonse ka dothi kali ndi ntchito, ndipo kuseri kwa nyumba kumamera chibwabwa, kalembula, bondwe ndi repu, ndiko kunena masamba a maungu, masamba a mbatata, bonongwe ndi ndiwo zina zamasamba zimene zimapulumutsa banja mwezi ukafika pakati. Choncho munthu akaona chitsamba cha masamba onenepa chikuthiriridwa mwaulemu chotere, funso lake limakhala lakuti, "Aneba, kodi zimenezi n'zotendera kapena n'zokazinga?" Yankho loona ndi lakuti si zotendera ndipo si zokazinga, chifukwa masamba ndi maluwa a hydrangea ali ndi mankhwala amene amatulutsa poizoni wa cyanide akatafunidwa, moti ana ndi ziweto ayenera kutalikirana nawo. Wofunsayo amachoka akupukusa mutu, atatsimikiza kuti mnzake wayamba matama a kumayadi pamene malipiro ake akadali a mu komboni.

Ngakhale zili choncho, mlendoyu amasungika ngati malamulo ake atsatidwa. Amabzalidwa kummawa kwa khoma, kumene amawothera dzuwa la mmawa n'kubisala ku dzuwa la masana, m'dzenje losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, ndipo dothi lozungulira tsinde limaphimbidwa ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Kuthirira kokwanira madzulo, kawiri kapena katatu pa mlungu, kumaposa kuwaza timadzi tsiku lililonse. Mtundu wa paniculata umachita maluwa pa nthambi zatsopano, choncho umasadzidwa m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene macrophylla amachita maluwa pa nthambi za chaka chatha, moti womusadza kwambiri m'nyengo yomweyo amakolola masamba okhaokha. Palinso chikhulupiriro chakuti misomali yadzimbiri yokwiriridwa patsinde imasandutsa maluwa kukhala a buluu. Zoona zake n'zakuti pa abale awiriwa, mtundu wa buluu umabwera pa macrophylla yekha, pamene dothi lili ndi asidi wokwanira kumasula aluminiyamu, ndipo mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu umene madzi ake amachepetsa asidiyo. Koma paniculata sasanduka wa buluu ngakhale atamukwiririra khasu lathunthu.

Chigamulo cha mlanduwu chimadalira funso limene makolo sanafunikire kulifunsa, chifukwa kumudzi munthu ankabzala pa dothi la mbumba yake. Anthu ambiri a ku Mtendere amakhala m'nyumba za lendi, ndipo hydrangea wosamalidwa bwino amakhala zaka makumi angapo, kutanthauza kuti pa awiriwa, wobzala ndi chobzalidwa, amene ali ndi mwayi waukulu wokamuka msanga pakhomopo ndi wobzalayo. Mwambi sunaname, kungoti unaloza munthu wina. Ichi n'chifukwa chake anthu a lendi ochenjera amabzala duwa lawo mu ndowa yakale yoboola pansi, kuti tsiku losamuka likwere pa galimoto limodzi ndi matiresi ndi mbaula. Amene amaiwala nzeru imeneyi n'kulizika pansi amalisamala zaka zitatu, kudzimana madzi osamba chifukwa cha ilo, ndipo likachita maluwa ake oyamba okhutiritsa, landilodi amabwera kudzaima pabwalo, n'kuyamikira ndi mtima wonse kuti pakhomo pakongola, kenako n'kulengeza kuti nyumba yokongola chotere singapitirire kukhala pa lendi yakale.