Kuthamanga Sikufika, Ngakhale pa 4.5 GHz

Makolo athu ananena kuti kuthamanga sikufika, ndipo ananena izi asanaonepo kompyuta ngakhale kumaloto. Ine ndinkayesa mwambiwu unapangidwira madalaivala a pa msewu wa Chipata kupita ku Lundazi, aja amakudutsa ngati kamvuluvulu, kenaka n'kuwapeza patsogolo atatsegula boneti, akuthira madzi a m'chigubu mu rediyeta, apaulendo ali ndwii pansi pa mtengo. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzauona ukupherezeka pa tebulo, m'kati mwa bokosi lachitsulo, m'kanyumba ka mphwanga kuno kumalire a nkhalango ya Lukusuzi.

Mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wanga, choncho mlandu wake uliwonse umagona pakhomo panga. Ali ndi kabizinesi kake: kutaipa makalata, kuchita fotokope ma NRC a alimi ikakwana nthawi yolembetsa feteleza wa FISP, kuika nyimbo m'makadi a foni, ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi a makwaya. Magetsi ake ndi a sola, mapanelo awiri padenga, batire pansi pa tebulo, ndi inveta imene ikatopa imalira ngati mwanapiye wosokera.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinamupeza atavula kompyuta malaya, matumbo ake onse ali poyera.

"Yadwala?" ndinafunsa.

"Ayi amalume, ndikuichita overclock."

"Ndiye kuti chiyani, iwe?"

"Kuithamangitsa kuposa mmene anaipangira."

"Amene anaipangawo anali mbuli?"

"Sanali mbuli, amalume. Anali amantha."

Anandikhazika pa mpando n'kundiphunzitsa, ndipo ndivomere kuti anaphunzitsa bwino. Purosesa, akuti, ili ngati mayi amene akusinja chimanga. Ntchito imayenda molingana ndi kugunda kwa musi. Yake ija, Core i5-2500K imene Intel inatulutsa mu 2011 ndipo iye anaigula ya salaula ku Lusaka, imagunda maulendo 3.3 biliyoni pa sekondi, ndiye tanthauzo la 3.3 GHz. Ng'oma imene imapereka mayendedwe imalira pa 100 MHz, ndipo nambala imeneyi imachulukitsidwa ndi 33. Ukalowa m'chipinda chobisika chotchedwa BIOS n'kufufuta 33 uja, n'kulembapo 45, mayi uja amayamba kusinja pa 4.5 GHz. Chilembo cha K chili kumapeto kwa dzinalo chikutanthauza kuti chitseko chimenecho anachisiya chosakhoma. Makompyuta ambiri a m'maofesi amene timawaona ku boma, a Dell ndi HP aja, khomo limenelo n'lotseka ndithu, ndipo ndikuganiza kuti amene anatseka ankawadziwa adzukulu a anthu.

Mantha amene mphwanga ankanena ali ndi chifukwa chake. Mapurosesa ali ngati ana a mimba imodzi, wina amabadwa wamphamvu, wina wa chifuwa. Kampani imaika liwiro limene onse angalikwanitse, ngakhale atagwera m'nyumba yotentha ya munthu wosasesa. Mwini ngolo wanzeru amatero: sadzaza matumba mpaka ng'ombe kugwada, amasiyako mpata poganizira chitunda. Wochita overclock ndi mnyamata wolembedwa ganyu amene waona mpatawo n'kunena kuti pano pakwana matumba ena anayi.

Ndisamunyoze kwambiri, chifukwa nthawi zina matumba anayiwo amakwanadi. Mu 1998 kunali purosesa yotchipa yotchedwa Celeron 300A. Anthu anatulukira kuti ukasintha ng'oma yake kuchoka pa 66 kufika pa 100 MHz, inkachoka pa 300 n'kufika pa 450 MHz, n'kumapikisana ndi Pentium II imene mtengo wake unali wa mabwana. Amenewo anadya bwino. Koma mapurosesa a masiku ano amadzithamangitsa okha akaona kuti mutu wazizira, moti wobwera ndi chikwapu amapeza ng'ombe ikuthamanga kale.

Zimene mphwanga anazitchula mothamanga, ngati munthu amene akudutsa pa manda usiku, ndi nkhani ya chakudya. Wosinja mofulumira amadya kwambiri. Kuti purosesa isapunthwe pa liwiro latsopano umaiwonjezera mphamvu ya magetsi, ndipo kutentha sikukwera mwaulemu ayi. Ukawonjezera mavolti ndi 10 pa 100 alionse, kutentha kumakwera ndi 21 pa 100, usanawerengere kumene kukubwera chifukwa cha liwirolo. Tsono izi zikuchitika mu Okutobala, pansi pa malata, mphepo yochokera kuchigwa cha Luangwa ikuomba ngati yatuluka mu uvuni wa njerwa, fumbi litamata pa fani ngati bulangete.

Purosesa ili ndi nzeru imene eni ake ena alibe. Ikayandikira madigiri 100 imadzibweza yokha, n'kuyamba kuyenda ngati nkhalamba yochokera kumaliro mpaka itazizira. Ndiye kompyuta ya mphwanga inkanyamuka ndi ukali, fani ikulira ngati chigayo, kwa mphindi zingapo. Kenaka inkafika pamene pamafika madalaivala aja, boneti m'mwamba.

Apa munthu wina akanabwerera. Iye anati vuto ndi memori.

Memori ndi mwana amene amatapa chimanga m'dengu kupatsira wosinja. Wosinja angafulumire bwanji, ngati wotapayo akuchedwa, musi umagunda mtondo wopanda kanthu. Memori yake inali DDR3 yoyenda pa 1333, ndipo opanga anaikamo kale liwiro lina loyesedwa bwino la 1600, limene umangolisankha pa dzina lakuti XMP. Mphwanga anaona kuti kusankha zokonzedwa kale n'kwa ana. Analemba yekha 1866. Tsoka la memori n'lakuti ikalemedwa sikuwa. Ili ngati mthenga amene wathamanga kwambiri mpaka mawu ena kugwera m'njira, koma n'kufika ali nyaa kumwetulira, n'kupereka uthenga wolakwika molimba mtima.

Tsiku limenelo panali vidiyo ya ukwati yofunika kumalizidwa, ndipo mayi a mkwatibwi anali atakhala pakhonde chiyambire m'mawa, chitenje chatsopano, ndalama atamanga pa mfundo. Kale ntchito yotere inkatenga maola atatu, munthu n'kupita kukadya nsima, kubwera n'kupeza yapsa. Tsopano kompyuta inalonjeza maola awiri. Itatsala pang'ono kumaliza, sikirini inangoti buluu yense, tizilembo toyera tili mbwee. Anayambiranso. Buluu. Ulendo wachitatu inamaliza, koma pamene abusa ankadalitsa mphete, nkhope ya mkwati inasweka n'kukhala timabokosi tobiriwira.

"Mwana wanga," anatero mayi aja modekha, "mkamwini wanga sindimukonda kwenikweni, koma sali choncho."

Dzuwa lisanalowe bwino inveta inayamba kulira. Batire imene inkafika nayo mpaka nthawi ya nkhani za pa wailesi inali itatheratu, chifukwa kuwonjezera pa kususuka kwa purosesa, mphwanga anali atalumikizanso fani yaikulu ya pa tebulo kuti iziuzira m'bokosimo. Musaseke a ku boma inu. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, nanunso munkakhala mumdima maola ochuluka pa tsiku, ndipo kompyuta yozima ya 4.5 GHz imathamanga chimodzimodzi ndi mwala wa pa phiri.

Usiku umenewo, tili pa mdima, anandiuza za akatswiri a masewerawa. Mu Disembala 2022 gulu lina linafikitsa Core i9-13900K pa 9 GHz. Amachita izi pothira nayitrojeni wamadzi, wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo pamenepa anachita kugwiritsa ntchito hiliyamu, wozizira kuposa pamenepo. Ndinafunsa kuti pa liwiro limenelo anamaliza mavidiyo angati a ukwati. Anati palibe, kompyuta imangokhala moyo nthawi yokwanira kulemba nambalayo basi. Ndinamuuza kuti malo ozizira amene ine ndikuwadziwa m'dera lonse lino ndi m'kati mwa Lundazi Castle, nyumba ija anamangitsa Errol Button nthawi ya atsamunda, ndipo sindikhulupirira kuti angamubwereke chipinda chogonekamo kompyuta.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti aphunzitsi ali pafupi. Lukusuzi imadziwika ndi mimbulu, ndipo mimbulu sigwira nyama chifukwa choti palibe woiposa liwiro. Imangotsatira, kilomita ndi kilomita, osaleka, mpaka wothamanga uja mpweya utamuthera. Nazonso njovu: kuchokera pamene 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, alimi a mbali ino ya malire aona ndi misozi kuti chinthu choyenda mwaulesi chotero m'munda chimafika ndithu.

M'mawa mwake kompyuta inakana kudzuka. Mphwanga anatulutsa pa bolodi kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, CR2032, n'kudikira pang'ono, n'kukabwezera. Kameneka kakachoka kompyuta imaiwala zonse zimene unainyengerera, ngakhale tsiku ndi chaka. Inadzuka ili pa 3.3 GHz, yofatsa, ikukhulupirira kuti tidakali m'zaka zimene inabadwa.

Pambuyo pake anaphunzira njira imene odziwa amatsata. Umakweza nambala imodzi yokha, n'kuizunza kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa Prime95 kwa maola ambiri ukuyang'ana kutentha, memori n'kuiyesa ndi MemTest86, ikapirira n'kukwezanso imodzi. Anapukuta fumbi, anapaka mafuta atsopano pakati pa purosesa ndi chozizitsira chake, ndipo ntchito yofulumizitsa kompyutayi inamutengera milungu iwiri. Anaima pa 4.0 GHz. Mayi a mkwatibwi anali atatenga kale vidiyo yawo, yopangidwa pa liwiro lakale.

Dzulo ndinadutsako. Mzere wa alimi unafika mpaka pa mtengo wa mango, aliyense NRC m'manja. Kompyuta inkamaliza mbali yake munthu asanaphethire, kenaka onse n'kumadikira pulinta, imene imakoka pepala ngati ikuganizira kaye ngati n'koyenera. Mphwanga ankataipa kalata ya amfumu ndi zala ziwiri, akusakasaka pamene pabisala chilembo cha ŵ. Atandiona anaima, n'kuyang'anitsitsa pulinta ija nthawi yaitali.

"Amalume," anatero, "kodi imeneyi ilibe BIOS?"