Ukayenda Siya Phazi

Makolo athu amene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, analankhula m'masiku amene phazi linali phazi ndipo mlomo unali mlomo. Koma ine, amene mwezi wathawu mdzukulu wanga anandiphunzitsa kuika siginecha yodzilemba yokha kunsi kwa makalata a imelo, ndaona ndi maso angawa phazi likumera mlomo, ndipo likunditsata kufikira lero lino.

Ntchito yake njosavuta. Mu Gmail, imene inayamba mu 2004, munthu adina kagudumu ka mano kali pamwamba kudzanja lamanja, nalowa mu Settings, natsika kufikira pa Signature, nalemba dzina lake, natsikanso pansi penipeni kukasunga zimene wasinthazo, pakuti woiwala kusunga wavutika chabe. Akatswiri a intaneti analangiza kale mu 1995 kuti phazi lotere lisapitirire mizere inayi. Koma malo alipo a zilembo 10,000, ndipo ndani mwa ife, atapatsidwa munda waukulu chotero, angaunde mizere inayi yokha nabwerera kumudzi dzuwa lisanakwere?

Ndinalemba dzina langa, ndipo poliona lili lokha ngati mbuzi yomangidwa pabwalo la milandu, linandimvetsa chisoni. Ndinaliikira Mphunzitsi Wamkulu Wopuma. Kunsi kwake Mkulu wa Mpingo. Kunsi kwakenso Msungichuma wa Komiti ya Mjigo, udindo umene chuma chake chonse chimakwana m'kachitini ka mkaka. Manambala a foni ziwiri, imodzi mwa izo inagwera m'chitsime kalekale. Ndipo potsiriza, m'zilembo zofiira, mafuno akuti tsiku lanu lidzaze ndi chimwemwe ndi kuseka.

Ndipo kunali kuti alamu anga a ku Joni anataya mayi awo owabereka. Ndinakhala pansi usiku, ndinasankha mawu limodzilimodzi monga mayi asankha nyemba m'lichero, ndinadzichepetsa, ndinalira nawo, ndinatumiza. M'mawa mwake, taonani, kunsi kwa misozi yanga kwaima gulu lonse lija, mphunzitsi, mkulu wa mpingo ndi msungichuma, kuwafunira anamfedwa kuseka.

Makina sanalakwe, anachita zimene ndinawalamula. Koma ndakumbuka makalata a kale a pa positi, amene dzanja linkadziwa lokha pogwada ndi poimirira: kwa bambo unkamaliza kuti ine mwana wanu, kwa bwana kuti ine wantchito wanu, kwa bwenzi unkangojambula duwa. Munthu sanali dzina limodzi kwa onse, ndipo potseka kalata ankayamba waganiza kuti kwa uyu ine ndine yani. Funso limenelo ndinalitula kwa kompyuta, imene sidziwa kusiyanitsa siwa ndi zikomo wa pa ukwati.

Alamu anayankha mwaulemu wonse, monga mwa chikhalidwe chawo. Kalata yawo inayamba kuti Kwa Olemekezeka a Msungichuma, inathokoza chipepeso, ndipo inafunsa modzichepetsa ngati thumba limene ndisunga lingathandizeko pa ulendo wawo wobwera kumaliro. Ndinathamangira ku kagudumu kaja, ndinafufuta maudindo onse ndi kuseka komwe, ndinalemba kalata yaitali yofotokoza za kachitini ka mkaka, ndinatumiza. Koma m'changu changa ndinaiwala kutsika pansi kukasunga.