"Gasi watha": nkhani ya eyakoni yatentha ku Kafue

Okutobala akangolowa, nkhani za mpira ku Kafue Industrial Area zimayamba zapuma kaye. Dzuwa limawomba pamalata, phula la msewu waukulu wochokera ku Lusaka limachita ngati likufuna kusungunuka, ndipo aliyense amene ali ndi galimoto amakumbukira tsiku limodzi kuti eyakoni yake inasiya kuzizira kalekale. Pamagaraja, pamalo odyera nsima masana, ngakhale pamzere wa amayi ogulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue, nkhani imakhala yomweyo.

Chokondweretsa n'chakuti tauni yonse ili ndi dokotala mmodzi m'kamwa, ndipo matenda amene amawapeza ndi amodzi: gasi watha. Eyakoni ikutulutsa mpweya wotentha? Gasi watha. Ikulira ngati chigayo? Gasi watha. Ikununkha chinyontho? Abwana, onjezerani gasi. Mnyamata wotsuka magalimoto amakuuzani zimenezi ndi chidaliro chonse, mlamu wanu amavomereza, ndipo woyendetsa takisi amakulozerani kwa mnzake amene amathira motchipa.

Amakaniko achikulire akamva izi amangopukusa mutu akumwetulira. Iwo amati gasi wa eyakoni si petulo woti azitha poyenda. Amazungulira m'mapaipi otsekeka: kompulesa imamupanikiza, amakazizira mu kondensa imene ili kutsogolo kwa ladiyeta, n'kupita kuseri kwa dashibodi kukayamwa kutentha kwa mkati, kenako n'kubwerera. Galimoto yaing'ono imanyamula pafupifupi theka la kilogalamu basi. Ngati wachepa m'miyezi iwiri, ndiye kuti pali pamene akutulukira, ndipo kuthiramo wina n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi chidebe chobooka. Pano ine ndili kumbali yawo ndi mtima wonse.

Pamtengo ndi pamene mkangano umakoma. Gulu loyamba limati kuthira gasi n'kotchipa, mphindi makumi atatu watuluka ukuzizidwa, ndiye ufuniranji zambiri? Gulu lachiwiri, la anthu amene analumidwapo, limawerengera zala: wathira mu Seputembala, wathiranso mu Okutobala, mvula isanagwe wathira kachitatu, ndipo ndalama zonsezo ukaziphatikiza zikanagula kamphira kotsekera polumikizira paipi maulendo ambirimbiri. Choopsa sichili pa ndalama za gasi zokha. Mafuta ofewetsa kompulesa amayenda limodzi ndi gasiyo, choncho akamatuluka, kompulesa imayenda youma mpaka kugwira. Ikadzidya mkati imamwaza tizitsulo m'mapaipi onse, ndipo pamenepo simugulanso chinthu chimodzi ayi. Mumagula kompulesa, kondensa, choumitsa chotchedwa drier, ndi kulipira wotsuka mapaipi.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kufufuza pobooka. Ena amathira utoto umene umawala akauunika ndi tochi yapadera, ena amapopera nitrogen m'mapaipi n'kudikira kuti aone ngati geji itsika. Anthabwala a m'derali amati popeza fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia yakhala pakhomo pawo kuyambira 1970, kuyeza kumeneku kukanayenera kukhala kwaulere kwa aliyense wobadwira ku Kafue. Makaniko amaseka nawo, koma ndalama yake amalandira ndithu.

Makwerero a mitengo aliyense amawadziwa ngakhale sanalembedwe pakhoma. Pansi penipeni pali fyuzi yopsa, waya woduka ndi fyuluta ya mkati yodzaza fumbi, zimene munthu amachita manyazi kuti anadandaulira mwezi wonse. Pamwamba pake pali fani ndi kondensa, imene imabooka ndi timiyala touluka m'matayala a malole ochokera ku Chirundu. Kenako kompulesa. Koma mawu amene amazizitsa munthu nkhongono kuposa eyakoni iliyonse ndi akuti dashibodi ichoke. Evaporator, imene imayamwa kutentha kuseri kwa dashibodi, ikabooka, chitsulocho si chodula kwenikweni, koma kuti achifikire amamasula kutsogolo konse, tsiku lathunthu, ndipo eni magalimoto amalumbira kuti pobwezera pamatsala zomangira ziwiri zimene palibe akudziwa kwawo. Zipangizo zambiri zimachokera kunja, motero dola ikakwera mtengo m'masitolo a ku Lusaka umakwera nayo. N'chifukwa chake ambiri amathamangira kompulesa yogwirapo kale ntchito yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan. Ina imatumikira zaka, ina imafa sabata yomweyo, ndipo onse awiri amene anagula amakhala ndi umboni woti apambanire mkangano.

Pali nkhani imodzi imene sindiiseka. Kumamveka kuti ena amathira m'galimoto gasi wa mafiriji chifukwa ndi amene ali pafupi. Magalimoto ambiri amene ali pamsewu, ma Corolla, ma Vitz, ma Allion ndi anzawo, amafuna R134a, ndipo kapepala komata pansi pa boneti kamanena zimenezi pamodzi ndi magalamu ake. Gasi wa mafiriji atsopano, R600a, amayaka moto. Wakale uja R12 anathetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa chowononga mlengalenga, ndipo magalimoto atsopano a ku Europe tsopano amabwera ndi R1234yf, amene ndi wodula kwambiri. Eni ma Toyota Aqua ndi Prius ali ndi nkhani yawoyawo: kompulesa yawo imayendera magetsi amphamvu, ndipo imafuna mafuta apadera osadutsa magetsi. Kuthiramo mafuta wamba n'kuitana vuto lalikulu kuposa kutentha.

Anthu amakumbukiranso 2024, chaka cha chilala, pamene magetsi ankazima maola ochuluka ngakhale kuti malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali m'dera lomweli. Asanathire gasi, makaniko amayenera kuyamwa mpweya ndi chinyontho chonse m'mapaipi ndi pampu, ndipo pampuyo imafuna magetsi. Amene anali ndi jenereta anapeza makasitomala, amene analibe ena ankangothira osayamwa, ndipo eni magalimoto ena mpaka lero amaloza chaka chimenecho eyakoni ikavuta.

Ndiye pali gulu lomaliza, losangalala kuposa onse, limene linathetsa nkhaniyi potsitsa magalasi. Awa amati eyakoni imadya mafuta, ndipo sakunama kwenikweni, chifukwa m'magalimoto ambiri kompulesa imakokedwa ndi injini kudzera pa lamba. Amayendetsa chigongono chili panja, malaya atamatirira kumsana, akunyadira mphepo ya kumtsinje yosalipira. Anzawo amawakumbutsa za fumbi la malole ndi ana amene amafika ku Lusaka atafiira maso, iwo amayankha kuti makilomita makumi anayi ndi mphambu si ulendo.

Ndipo pafupifupi sabata iliyonse pamafika wina ali wefuwefu kuti galimoto yake ikudontha madzi pansi. Makaniko amasuzumira, amakhudza ndi chala, n'kumuuza kuti ndi thukuta la eyakoni, kutanthauza kuti ikugwira bwino ntchito. Amamulangizanso kuti mu Juni ndi Julayi aziyiyatsa mphindi khumi pa sabata kuti timphira tisaume. Munthuyo amavomera ndi mutu, amafunsa ngati pali cholipira, ndipo asanatseke chitseko amafunsanso ngati sangawonjezereko gasi pang'ono.