A Defrag, landirani ulemu wanu

Mwana wa mchemwali wanga wagula laputopu ya kaunjika. Dzulo wabwera nayo nkhope ili gwaa: "Amalume, ikuyenda ngati nkhono." Ine chimwemwe chamumtima, poti ndinaona mpata wochezanso ndi nkhalamba yolemekezeka ija, a Defrag.

Inu ongoyamba kumene, tcherani khutu. Kompyuta imasunga katundu ngati mnyamata wa m'gowelo: nsapato ina kunsi kwa mphasa, inzake patsindwi. Faili ikakula, imaiduladula n'kutsomeka zidutswa paliponse pomwe pali mpata pa hard disk. Ndiye kasingano kowerenga kamavutika kutolera, mbale ikuzungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi. Ntchito ya a Defrag ndi kubweza zidutswazo pamodzi, basi. Koma mwambo wake!

Ife a nthawi ya Windows 98 tinkakhala chete ngati pabwalo la milandu, kupenyerera timabokosi tabuluu tikusuntha kamodzikamodzi, tiyi mpaka kuzizira. Ndipo mkuluyu sankafuna kudulidwa mawu. Pulogalamu ina ikangolemba kanthu pa disk, ngakhale screensaver chabe, ankabwerera kukayambiranso, osapsa mtima, osapepesa. Ndi mfumu iti ina imene imabwereza mlandu wonse chifukwa wina watsokomola? Magetsi nawo ankadikira dala afike pa 90 peresenti.

Chomwe ndimawakondera a Defrag n'chakuti anapatsa ulesi jekete ndi tayi. Bwana akalowa, iwe manja pachifuwa, umangoloza timabokosito ndi mlomo. Mkulu wina pa ofesi ina anandibweza katatu konse ndi mawu omwewo: "Makina ali pa defrag, mubwere mawa." Chikhalirecho fomu yanga ili m'chipinda china, chithunzi kwina, wosayina ali kumaliro. Ofesi imeneyo ndiyo yofunika kuisonkhanitsa zidutswa, kuyambira ndi mkuluyo.

Aneba anga ndisawaiwale. Iwo Recycle Bin anaisandutsa nkhokwe, ati zithunzi za ukwati zimasungika bwino mmenemo. Tsiku lomwe mdzukulu adzayendetse Disk Cleanup, tidzamvera kulira kuseri kwa mpanda.

Chondiwawa n'chakuti nkhalamba ija, a Defrag, anaichotsa pabwalo. Kuyambira pa Windows Vista imadziyendera yokha osaitanidwa, ndipo pa Windows 7 anaiikira Lachitatu 1 koloko ya usiku, nthawi ya afiti. Timabokosi tija anatichotsa. Kwabweranso SSD, yopanda mbale, yopanda singano, yomwe zidutswa zibalalike bwanji siichedwa nazo.

Laputopu ya mwana uja inapezeka kuti ndi SSD yomweyo, yodzaza mpaka pakhosi ndi mafilimu ndi nyimbo. Tinafufuta theka, tinakhuthula Recycle Bin, inayamba kuthamanga tiyi asanapse n'komwe. Ngati alipo amene akusungabe kompyuta yakale ya hard disk, chonde andiitane Loweruka, mpando ndibwera ndi wanga.