Kagulidwe ka jombo kosakhumudwitsa mphiri

Dzinja likayandikira alenje amayamba kufunsa za jombo zoti madzi asalowe, ndipo njoka ikaluma mano asapyole. Malangizo abwino pa nkhaniyi achuluka kale, moti mphiri zambiri masiku ano zikumangoluma chikopa n'kubwerera zili chokhumudwa. Ali m'munsiwa ndi malangizo a mlenje amene watsimikiza mtima kutaya ndalama, kunyowa mapazi ndi kukafika kuchipatala atatchena.

1. Sankhani ndi maso

Belo likangotsegulidwa pa kaunjika, thamangirani jombo yonyezimira kuposa zonse. Wogulitsa akati, "Zoolijino izi bwana, njoka ithyokapo mano apa," musamufunse kuti anayesera njoka iti. Kufunsa n'kumuchotsa ulemu munthu ali pa geni yake. Makampani a ku America monga LaCrosse, Danner ndi Chippewa amapanga jombo za njoka posanjikiza chikopa chokhuthala ndi nsalu yolimba kuyambira kuphazi mpaka m'munsi mwa bondo. Zoterozo n'zolemera, n'zodula, komanso sizioneka bwino pa chithunzi. Inu dinani mbali ya jomboyo ndi chala chachikulu. Chala chikalowa mosavuta, lipirani. Mano a mphiri yaikulu amatha kupitirira sentimita imodzi ndi theka, ndipo si chilungamo kuwapatsa ntchito yakalavulagaga.

2. Ilekeze m'kakolo

Jombo zopangidwira njoka zimatalika masentimita 38 mpaka 46, chifukwa munthu woyenda pansi amalumidwa kawirikawiri kuphazi, m'kakolo ndi pamsongolo. Utali wonsewo ndi wongotenthetsa miyendo. Gulani yaifupi kuti katumba azipitidwa mphepo. Buluku lokhuthala lotaya, lovindikira jombo, limatha kukola mano njoka isanafike pakhungu, choncho lipindeni mpaka m'mawondo, kapena valani kabudula.

Mphiri idzayamikira. Njoka zambiri zikamva mgugu zimathawa, koma iyo imangoti phee m'njira, khungu lake litasakanikirana ndi masamba ouma, kudikira kuti woyenda aiponde kapena aime pafupi. Poti yadikira nthawi yaitali chotero, ipatseni malo okwanira.

3. Ngati ndi gambutsi, ikhale yotopa

Apa pafunika kusamala, chifukwa gambutsi yatsopano ya labala wokhuthala ikhoza kukupulumutsani mwangozi. Siinapangidwire njoka, koma imafika pafupi ndi bondo, ndipo mano ambiri amaterereka kapena kuthera m'labalamo. Pofuna kupewa zimenezi, bwerekani ya achimwene imene yakhala padzuwa kuseri kwa khola zaka zingapo, yochita ming'alu popindikira phazi, yomatidwa chigamba cha chubu cha njinga. Ikamakukhulani pakatumba, iduleni ndi mpeni kumwambako. Ikatero yasanduka nsapato wamba, ndipo mwabwerera pa mfundo yachiwiri popanda kuonongapo khobidi.

4. Madzi mukawayesere kudambo

Alipo anthu amene amati akagula jombo amathira madzi m'beseni, n'kuimamo kwa mphindi zingapo, kenako n'kuvula kuona ngati sokosi yanyowa. Amaunguza m'misoko, amaona ngati lilime la jombo ndi losokedwa m'mbali zonse mpaka kumwamba, ndiponso ngati kuseri kwa zipi kuli chikopa chotchinga. Anthu amenewa sakhulupirira anzawo. Inu werengani kachikwangwani kolembedwa Gore-Tex kamene kakulendewera, ngakhale kali komangiriridwa ndi ulusi wosiyana ndi wa jomboyo, mukhutire.

Mayeso enieni mukachitire kumadambo a nyanja ya Chilwa, kumene osaka mbalame amalowa m'madzi m'mamawa. Lowani pozama kuposa jombo. Madzi akalowera kumwamba, mudzazindikira ubwino wa jombo yosalowa madzi: satulukanso. Mudzayenda nawo tsiku lonse, phwatha phwatha, khungu la kuphazi litayera n'kukhwinyata, ndipo ngati m'madzimo muli nkhono za likodzo, mwapezerapo ndi china. Madzulo iyanikeni pafupi kwambiri ndi moto. Chikopa chidzauma gwa n'kung'aluka, guluu adzamasuka, soli idzayasama kutsogolo.

5. Saizi ndi maganizo chabe

Mapazi amatupa dzuwa likapendeka, makamaka munthu atayenda mtunda. N'chifukwa chake muyenera kuyesa jombo m'mawa, opanda sokosi, mutakhala pansi, phazi limodzi lokha. Ikathina, wogulitsa adzakuuzani kuti imatamuka. Ikakhwepa, adzati muikemo nyuzipepala. Zonsezi n'zoona kwa iye.

Musaizolowere pakhomo. Isungeni m'katoni mpaka tsiku la uzimba. Pofika pamene agalu adzutsa kalulu woyamba, chidendene chidzakhala chitatuluka thuza, ndipo maganizo anu onse adzachoka panjira n'kupita pathuzapo. Masana mudzakhala pa chulu, kumasula zingwe mukuusa moyo, kumanga jombo ziwirizo pamodzi, kuzikoleka m'khosi, n'kulowa m'tsekera chosavala. Imeneyi ndiyo njira yosungira jombo kuti ikhale yatsopano zaka zambiri.

6. Mwavala jombo, maso apume

Munthu amene walipira ndalama zambiri chotero safunikanso kuyang'ana poponda. Mukapeza chipika chagona m'njira, musayambe mwakwerapo kuti muone tsidya linalo, chidumpheni. Usiku siyani tochi, mabatire adula. Ndodo yogwedezera udzu ndi ya nkhalamba.

Khulupiriraninso kuti jombo imateteza thupi lonse. Mukamakumba mbewa, pisani dzanja kuuna mpaka m'chigongono, poti kumapazi muli bwino. Mukamadutsa m'zitsamba musasamale nalikukuti, yemwe amangokhala ngati kamtengo kouma pamsinkhu wa nkhope. Njoka yolavula imaponya ululu m'maso mwa munthu ataima mamita awiri. Iweramireni muione bwino. Ndipo poti jombo za ku America zinapangidwira kwambiri ma rattlesnake akumeneko, ganizani kuti njoka zonse zapadziko zinagwirizana zosapyola jombozo, kuphatikizapo Gaboon viper ya m'nkhalango za ku Nkhata Bay, imene mano ake amafika masentimita 5.

Pogona siyani jombo panja chogoneka, ndipo m'mawa musakutumule. Chinkhanira nachonso chimafuna pogona pouma.

Amene akufuna kufupikitsa zonsezi akasake m'nkhalango zosungira nyama za ku Liwonde, ku Majete kapena ku Nkhotakota. Chikonzereni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ina ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 m'ndende, ndipo kumeneko nkhani ya jombo siivutanso.

7. Ikaluma, musataye mwambo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017. Limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako, ndipo ochuluka kuposa pamenepo amadulidwa ziwalo kapena kulumala. Limalangiza kuti wolumidwa achoke pamene pali njokayo, avule chilichonse chothina, asagwedeze mwendowo, anyamulidwe msanga kupita kuchipatala. Limaletsa kumanga mothinitsa, kutema, kuyamwa bala ndi kudalira kamwala kakuda koika pabala.

Inu muli ndi zingwe za jombo, ndipo ino ndiyo nthawi yake. Mangani pansi pa bondo mpaka chala chisalowe. Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, ndiye magazi akatsekedwa ntchitoyo imayenda mofulumira. Wina abwere ndi lumo ateme, wina ayamwe, wina apereke kachasu wolimbitsa mtima. Otsalawo athamangitse njokayo ndi zibonga, kuti achipatala alandire odwala awiri m'malo mwa mmodzi. Njinga yamoto ikapezeka, ikanizeni. Yendani wapansi, mudzere kaye kwa asing'anga, kuchipatala mupite mkucha.

Chachikulu, musavule jombo. Phazi litupire momwemo. Pofika ku wodi, anamwino adzayesa kukoka, adzalephera, adzatenga sizasi n'kuidula kuyambira kumwamba mpaka kuchala, inu mukuwerengera mumtima ndalama zimene munalipira. Muwauze kuti inali yoolijino. Adzagwedeza mutu mwaulemu.

Amene watsatira mfundo zonse zisanu ndi ziwiri mosadumphitsa ali ndi mwayi woti ulendo wina adzangofunika jombo imodzi. Akakambirane bwino ndi wogulitsa uja amudulire mtengo pakati.