Namfedwa ndi Wopepesa

Pa Lirangwe ngakhalenso ku Chileka, kanyumba koonetsa kanema ndi kosewerera PlayStation sititalikirana, koma maliro ake ndi osiyana. M'kanema ngwazi ikafa, anthu amangoti "ayi ndithu, anali munthu wabwino," n'kutuluka kukagula tchipisi pachiwaya. Pa gemu, mnyamata akaphedwa amamenya benchi, amakalipira mnzake, amanamizira batani kuti likukakamira. Wafa ndi iyeyo, ndipo ndalama ya kuchigayo yomwe amayi anamutuma yafera pomwepo.

Kunjaku anthu amakangana za The Last of Us, gemu ya 2013 yomwe a HBO anaisandutsa sewero la pa TV mu 2023, Pedro Pascal n'kukhala Joel, ngwazi ya nkhaniyo. Mu gemu yachiwiri ya 2020, Joel ataphedwa, eni gemu amakukakamiza kuyendetsa Abby, mtsikana yemwe wamupha, kwa maola ambirimbiri: umufunire zipolopolo, umumange mabala, umupulumutse kwa adani. Ena zinawapweteka mpaka kutumiza mauthenga oopseza kwa Laura Bailey, mayi amene anasewera ngati Abby mu gemuyo. Woonera pa TV ali ngati wodzapepesa maliro, amakhala pang'ono n'kutsanzika. Wosewera ndiye namfedwa, ndiye eni gemu amuuza kuti aphikire nsima wakuphayo, ndiwo zake nkhuku.

A HBO anachenjera. Mu 2025 anafulumira kutiuza kuti Joel ndiye anapha bambo ake a Abby. Osewera gemu chifukwachi anachimva mochedwa, atatukwana kale.