Kugunda kwa kumbuyo kwa pikapu pa Njuli

Pa Njuli, m'mbali mwa msewu wa Zomba, pansi pa mtengo wa mango panaima Nissan 1400 yoyera, ija yomwe ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Mwini wake amanyamula tomato ndi kabichi kuchokera ku Mbulumbuzi kupita ku Limbe. Ine ndinali pabenchi podikira minibasi.

"Amisili, difu yatha iyi. Ndikangosiya kilachi, gu! Ndikachotsa phazi pamoto, gu!"

"Wakuuzani ndani kuti ndi difu, achimwene?"

"Anyamata a ku Limbe. Akuti ndikasake ina ku Ndirande."

Mmisiliyo anayala katoni, nakoka handibuleki, nachotsa giya, n'kukwawira pansi. Anagwira pulopela shafti ndi manja onse awiri, kuipotokola uku ndi uku. Kenako anaitana mnyamata amene akumuphunzitsa ntchito.

"Iwe, tabwera ugwire. Ukumva? Kusewera pang'ono kumeneku n'koyenera. Mano a m'katimo akapanda kampata amadyana, amatentha. Difu yotha imalira ukamathamanga, ndipo oyilo wake amatuluka ndi tizitsulo."

Anamasula pulagi, napisa chala. Oyilo analimo, wakuda koma wosalala. Anamupaka pachikhatho padzuwa kuti mwini galimoto aone yekha.

Ndiye anatenga chitsulo chochotsera matayala, nachilowetsa pomwe sipuling'i imagwirana ndi chesisi, n'kukanikiza. Kumbuyo konse kunasuntha. Gu! Phokoso lomwe lija. Labala wa bushi anali atadyeka mbali imodzi, bawuti ikumenya chitsulo chokhachokha. Mwini galimoto anagwira pakamwa.

Apa mtima wanga unakhala pansi. Mkuluyo akanangovomera kuti ndi difu, palibe akanamutsutsa, ndipo ndalama ya tomato ya miyezi ingapo ikanapita. Masiku ano masipeya akwera mtengo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, moti munthu wouza mnzake zoona pa galimoto ndi wofunika kwambiri.

Mkangano unabuka pa mabushi. Mwini galimoto amafuna osema kuchokera ku tayala lakale, otchipa.

"Osemawo akufikitsani kunyumba, sindikukana. Koma msewu wa ku Namitambo nthawi ya dzinja, mubweranso mwezi usanathe. Gulani a m'sitolo, onse a mbali ziwiri. Kusintha mbali imodzi galimoto imayenda chopendekera."

Potembenukira kwa mnyamata uja anawonjeza kuti mabawuti asadzawamange kotheratu galimoto ili pa jeke. Ayambe aitsitsa, iime ndi matayala ake, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga.

Mwini galimoto anawerenga ndalama, napatsa mnyamatayo kuti akwere ya ku Limbe.

"Nanga ikadzayambanso, amisili?"

"Madengu muchepetse, achimwene. Galimoto iyi sinapangidwe kuti izinyamula tani yonse, ndi amayi anayi pamwamba."